Mphunzitsi wa m'foni adatisiya tokha pa siwa

Muphwa wanga, mwana wa achemwali anga aakulu, adafika kuno ku Durban m'chaka cha 2022 ali ndi zaka 19, atanyamula chikwama chimodzi ndi kapepala kolembapo nambala yanga ya lamya. Kwathu ku Thyolo mwana wa mlongo wako ndi wako, ndipo akalakwa anthu amayamba kufunsa malume asadafunse bambo. Choncho nditamupezera ntchito yolongedza katundu m'sitolo ina ku Overport, ndidamukhazika pansi n'kumuuza momveka bwino kuti ndalama zake zili ndi njira zitatu zokha: lendi, chakudya, ndi mayi ake kumudzi. Adavomera mwaulemu. Patangotha miyezi inayi ndidamupeza m'kachipinda kake atakumbatira gitala yakale yomwe adagula pa mtengo wa R600 ku sitolo ya pinyolo.

Sindibisa, ndidakwiya. Ndidamufunsa kuti amuphunzitsa ndani, poti kuno sadziwa woimba ndi mmodzi yemwe. Iye adangondionetsa foni yake yosweka galasi n'kunena kuti, "Amalume, aphunzitsi ali umu."

Ndipo adalimodi. Usiku uliwonse akaweruka ankatsamiritsa foniyo pa chitini cha shuga n'kutsegula YouTube. Mphunzitsi wake wamkulu adali Justin Sandercoe, mkulu wa ku Australia amene adayamba kuika maphunziro a gitala aulere pa intaneti mu 2003, ndipo adawasanja m'magawo kuyambira pa kagwiridwe ka gitala mpaka nyimbo zovuta. Wina adali Marty Schwartz wa ku America, yemwe amaphwanya nyimbo zotchuka pang'onopang'ono kuti wophunzira aone pomwe chala chilichonse chikutera. Nsambo ankachuna ndi pulogalamu ya m'foni momwemo, yomwe imamva kulira kwa nsambo n'kukuuza ngati uyenera kumanga kapena kumasula. Masabata oyamba nsonga za zala zake zidatupa n'kusupuka, koma sadagwe ulesi. Patatha chaka ndi theka mnyamatayu ankaimba nyimbo za ku America mosaphonya, moti Lamulungu lina ndidangozindikira ndikumujambula n'kutumiza kanemayo kwa mayi ake, ine yemwe uja ndidakalipira gitalayo.

Mayeso ake enieni adabwera m'mwezi wa June 2024. M'Malawi mnzathu, bambo amene ankasoka zovala m'tauni, adatisiya atadwala kanthawi kochepa. Monga timachitira kuno, tidasonkhana pa nyumba ina ku Clare Estate kudzagona pa siwa komanso kusonkha ndalama zoti thupi liyende ulendo wautali uja wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Zobue mpaka kukalowa pa Mwanza. Mnyamata amene amaimba kiyibodi ku mpingo kwathu adali pa ntchito ya usiku, ndiye akuluakulu adati muphwa wanga abwere ndi gitala kuti adzathandize amayi. Adabwera atavala shati yoyera, nsambo atazichuna kale m'minibasi.

Mayi wina wachikulire adayambitsa nyimbo, imodzi mwa zija aliyense wokulira m'tchalitchi cha kwathu amaidziwa ngakhale atamudzutsa pakati pa usiku. Amayi ena adaipolokezana, abambo n'kulowa ndi mawu awo a pansi. Mnyamata uja adayesa kugwira apa, sizidagwirizane. Adasunthira apo, zidaipiraipira. Nyimbo itatha adawerama n'kufunsa monong'ona kuti, "Amayi, nyimbo imeneyi ili mu kiyi yanji?" Mayiwo adamuyang'ana mwachifundo nati, "Mwana wanga, ine ndimangoimba." Adatulutsa foni kuti afufuze makodi a nyimboyo pa intaneti, koma palibe chomwe chidatuluka. Pa nyimbo yachitatu mkulu wa mpingo adamugwira paphewa n'kumuuza mofatsa kuti, "Achimwene, ikani kaye pansi, tiimbe ndi pakamwa." Gitala idagona pansi pa mpando mpaka mbandakucha.

Pobwerera sadayankhule mpaka tidafika pa geti. Pamenepo mpomwe adati aibweza ku pinyolo kuja. Ndidadzidabwa ndekha pomwe ndidamva pakamwa panga pakutuluka mawu oti asayerekeze.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza kuti chidalakwika n'chiyani, pakuti mwanayu sadali waulesi ndipo aphunzitsi ake sadamunamize. Nyimbo zambiri za pa siwa zimafuna makodi atatu okha, omwe iye adawadziwa mwezi woyamba. Vuto lidali lakuti maphunziro a m'kanema amamangidwa pa mawu okhazikika. Mphunzitsi amachuna nsambo zake zisanu ndi imodzi pa E, A, D, G, B ndi E, wophunzira amachita chimodzimodzi, ndipo nyimbo imayambira pomwe idayambira dzulo. Mayi wa pa siwa amayambira pomwe khosi lake lamulola usiku umenewo, mwina pakati pa E ndi F pomwe palibe dzina, ndipo usiku ukamapita nyimbo imakwera kapena kutsika malinga ndi kutopa kwa anthu. Woimba gitala ayenera kumupeza mayiyo ndi khutu mzere woyamba usadathe, kenaka n'kumva pomwe nyimbo ikukhotera. Muphwa wanga adaphunzitsidwa maso ndi zala kwa miyezi 18, koma khutu lidali lisadagwirepo ntchito.

Bambo anga adaphunzira mosiyana kwambiri. Adapita ku Joni kudzera ku Wenela ali mnyamata, ndipo adabwerako mu 1975 pamene boma la Dr Kamuzu Banda lidaitanitsa anthu ake kutsatira ngozi ya ndege ya pa 4 April 1974 ku Francistown m'dziko la Botswana, yomwe idapha Amalawi 74 omwe ankachokera ku migodi. M'katundu wawo mudali mabulangete, wailesi, jekete yachikopa ndi gitala ya Gallotone, mtundu wotchipa wopangidwa konkuno ku South Africa. Mwa njira, gitala yoyamba ya John Lennon wa gulu la Beatles idali ya mtundu womwewu, zomwe bambo sadazidziwe mpaka kumwalira kwawo. Ankatiuza kuti mphunzitsi wawo adali bambo wina wa Chishangani wa ku Mozambique yemwe ankagona naye chipinda chimodzi m'komponi. Ankamunyamulira gitala, kumugulira fodya, n'kumakhala pafupi kuyang'ana zala. Kuigwira ankaloledwa mwini wake akapita kosamba. Sadamvepo dzina la kodi ngakhale imodzi. Nyimbo ikasintha ankamasula nsambo iyi n'kumanga iyo, ndipo mawu a woimba akakwera ankamangirira pensulo pakhosi pa gitala ndi mphira, chipangizo chomwe m'masitolo amachitcha kapo. Munthu aliyense akayambitsa nyimbo pa mowa kapena pa ukwati, bambo ankamupeza asadapume kawiri.

Sadali okha. Anyamata a m'midzi ya Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje ankapanga mabanjo ndi zigubu za mafuta, zikopa ndi waya wa mabuleki a njinga, n'kumaphunzira potengera zomwe amva pa wailesi ya MBC. Allan Namoko wa ku Thyolo, yemwe adali wosaona ndipo adamwalira mu 1995, adatsogolera Chimvu River Jazz Band popanda kuonapo chala cha mphunzitsi aliyense. Abale awiri a m'mudzi mwa Singano ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, adatenga nyimbo za kwela zomwe zidabadwira m'misewu ya Johannesburg m'zaka za m'ma 1950 n'kuziphika mwa Chimalawi mpaka kukaimba nazo ku Ulaya.

Koma nkhani ya a Kachamba ndi yomwe imandiletsa kudana ndi kanema. Katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, adakumana ndi anyamatawa akuimba mu mzinda wa Blantyre mu 1967 ndipo adawajambula pa filimu. Daniel adamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Zina mwa zomwe Kubik adajambula zidatuluka mu 1995 m'kanema wotchedwa African Guitar, momwe mulinso Mwenda Jean Bosco wa ku Congo. Lero mnyamata wofuna kudziwa momwe Daniel ankayendetsera chala chachikulu pa nsambo za pansi kwinaku chamkombaphala chikuimba nyimbo ina pamwamba, angathe kuona ndi maso ake. Yerekezani ndi ntchito ya Hugh Tracey, yemwe adayang'anira situdiyo za wailesi ya SABC kuno ku Durban kuyambira 1936 mpaka 1947, asadakhazikitse International Library of African Music mu 1954. Iye adayenda m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 kujambula oimba bangwe, zeze ndi magitala, ndipo chuma chimenechi chikusungidwa ku Rhodes University ku Makhanda. Ndi mawu okoma zedi, koma ndi mawu okha. Umamva chomwe munthu adachita osaona momwe adachitira.

Za bambo anga palibe mawu, palibe chithunzi choyenda. Gitala ya Gallotone ija idadyedwa ndi chiswe pa denga, ndipo eni ake adatisiya ine ndili ku sekondale. Padali nyimbo ina yomwe ankakonda kuimba madzulo pakhonde, yodandaula za ulendo wa ku migodi. Ine ndimangokumbukira kayendedwe kake pang'ono. Ndikamuimbira muphwa wanga ndi pakamwa amandiyang'ana momwe mayi uja adamuyang'anira iye.

Chodabwitsa n'chakuti mnyamatayu adakhala zaka ziwiri akuphunzira kwa anthu a ku London ndi ku America, chonsecho akukhala mu mzinda umene ndi likulu la kaimbidwe kena ka gitala kotchuka mu Africa muno. KwaZulu-Natal ndi kwawo kwa maskandi, dzina lomwe lidachokera ku liwu la Chiafrikaans loti musikant. Ndi nyimbo za anthu ngati bambo anga, amuna osiya mabanja kumudzi n'kumagona m'mahositelo a m'tauni. John Bhengu wa ku Nkandla, wodziwika ndi dzina loti Phuzushukela, ndiye amatchulidwa kuti adatchukitsa kaimbidwe kotola nsambo imodziimodzi komwe Azulu amati ukupika, kusiyana ndi ukuvamba komwe ndi kukwapula nsambo zonse pamodzi. Nsambo za mawu a pansi amazitcha amadoda, kutanthauza amuna, ndipo za mawu a pamwamba ndi amantombazane, atsikana. Nyimbo imayamba ndi izihlabo, kachiwonetsero kofulumira komwe woimba amadzidziwitsa nako, ndipo pakati pake amadzitamanda potchula mfumu yake, mtsinje womwe amamwa ndi phiri la kwawo. Madala Kunene, wobadwira ku Cato Manor mu 1951, adayamba ndi gitala ya chigubu cha mafuta ophikira, chimodzimodzi anyamata a ku Thyolo. Shiyani Ngcobo, yemwe adamwalira mu 2011, ndi Busi Mhlongo, yemwe adamwalira mu 2010, adafikitsa nyimbozi kutsidya kwa nyanja. Johnny Clegg naye sadaphunzire m'kalasi: ali mnyamata ku Johannesburg adatsatira Charlie Mzila, bambo wogwira ntchito yoyeretsa m'nyumba zosanja, mpaka adamuphunzitsa.

Mphunzitsi wa muphwa wanga adapezeka pa mtunda wa mapazi ochepa kuchokera pa sitolo yomwe amagwira ntchito. Ndi mlonda wachikulire wa ku Msinga, yemwe mnyamatayu ankangomupatsa moni kwa zaka ziwiri osadziwa kuti m'kanyumba ka pa geti muli gitala yokutidwa ndi thumba la ufa. Tsiku loyamba Baba, monga timawatchulira, adatenga gitala ya mwanayu n'kuyamba kumasula nsambo yaing'ono kwambiri. Mnyamata adatulutsa foni kuwaonetsa kuti pulogalamu ikuti nsamboyo yasokonekera. Baba adaseka mpaka kutsokomola, kenaka adaimba, ndipo nkhani ya pulogalamu idathera pomwepo.

Adaona zinthu ziwiri zomwe kanema aliyense sakadaona. Choyamba, nsambo za gitalayo zidali zotalikirana kwambiri ndi khosi lake, moti kuzikanikiza kunkafuna mphamvu za munthu wosula. Mwanayu adakhala akudziimba mlandu kuti zala zake n'zofooka, makamaka pa kodi ya F yomwe chala chimodzi chimayenera kupana nsambo zonse, pomwe olakwa adali matabwa. Baba adachotsa kachidutswa koyera komwe nsambo zimatsamirapo, adakapala pa simenti pang'ono n'kukabwezera. Chachiwiri, dzanja lake lamanzere ankalipinda molakwika, ndipo n'chifukwa chake linkamupweteka akaimba kwa theka la ola. Adali atalipinda choncho kuyambira tsiku loyamba. Mphunzitsi wa m'foni amaoneka ngati akukuyang'ana, koma sakuona.

Kaphunzitsidwe ka Baba n'kosavuta kufotokoza. Amayambitsa nyimbo ndi pakamwa, paliponse pomwe afuna, n'kumudikira mnyamata kuti awapeze. Akachedwa amasiya n'kuyambitsa ina pena. Foni imakhala m'thumba. Malipiro ake ndi buledi, mkaka wowawasa ndi mayunitsi a lamya mwa apo ndi apo. Amene mudali kuno mu April 2015, pamene alendo adathawira m'misasa ku Isipingo, Chatsworth ndi Phoenix ndipo Amalawi ambiri adabwerera kumudzi pa mabasi omwe boma lidatumiza, kapena mu March 2019 pamene anzathu a ku Burnwood ku Sydenham adathamangitsidwa m'nyumba zawo, mumvetsa chifukwa chomwe mtima wanga umakhala m'malo ndikamva kuti pa msewu umenewo pali bambo wa Chizulu amene amatcha muphwa wanga mfana wami. Chizulu cha mwanayu chapita patsogolo m'miyezi yochepa kuposa changa cha zaka zisanu ndi zitatu.

Tsono owerenga musaganize kuti ndikuti achinyamata ataye mafoni. Ndikadakhala ndi mwana wamkazi wofuna kuphunzira gitala, sindikadamutumiza kukakhala m'kanyumba ka mlonda usiku, ngakhale mlondayo akhale wabwino chotani. Njira yakale ija, yonyamulira mphunzitsi gitala ndi kumugulira fodya, idali ya amuna okhaokha, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe amayi oimba gitala adali osowa kwathu. Kanema amalowa m'nyumba momwe mtsikana ali, sapempha kanthu, satopa, ndipo saseka munthu akalakwitsa kakhumi. Pa YouTube ungathe kuchepetsa liwiro la kanema kufika pa theka mawu osasintha kukwera kwake, chinthu chomwe bambo anga akadachigula ndi malipiro a mwezi wathunthu. Komanso mayina a makodi ndi kawerengedwe ka mizere isanu ndi umodzi yoimira nsambo, zomwe Baba sazidziwa, ndi zomwe zimathandiza muphwa wanga kumvana ndi woimba kiyibodi ku tchalitchi m'mawu awiri okha. Woimba wofuna kudya nalo luso lake masiku ano amafunika zilankhulo zonse ziwirizi. Erik Paliani, M'Malawi amene adaimba gitala ndi Hugh Masekela n'kumukonzera chimbale cha Phola cha mu 2009, sakadafika pamenepo ndi khutu lokha kapena ndi pepala lokha.

Ngakhale makampani akuluakulu amadziwa kuti kuyamba n'kosavuta koma kupitiriza ndiye nkhondo. Kampani yopanga magitala ya Fender idapeza kuti mwa anthu khumi oyamba kuphunzira, asanu ndi anayi amasiya chaka chisadathe, ndipo ichi n'chimodzi mwa zomwe zidaichititsa kukhazikitsa maphunziro olipira a Fender Play mu 2017. Muphwa wanga adafuna kulembetsa maphunziro a mtundu umenewu, ine ndidakana, ndipo mpaka lero ndikuona kuti sindidalakwe. Kwa woyamba kumene, zaulere zilipo zokwanira chaka chonse, bola asankhe mphunzitsi mmodzi n'kumutsatira mwadongosolo. Msampha waukulu ndi kudumphadumpha, lero kanema uyu, mawa uyo, mpaka munthu kudziwa chiyambi cha nyimbo makumi awiri osatha kumaliza ngakhale imodzi. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola anayi a Lamulungu lokha.

Zaulerezo nazo si zaulere kwenikweni. Mtengo wa data kuno udali nkhani ya dziko lonse pomwe anthu adachita kampeni ya DataMustFall mu 2016. Bungwe la Competition Commission litatulutsa lipoti lake mu December 2019, kampani ya Vodacom idatsitsa mtengo wa 1GB ya mwezi kuchoka pa R149 kufika pa R99 mu April 2020. Kudali kupuma ndithu, komabe kwa munthu wolongedza katundu m'sitolo, ola lililonse la kanema ndi ndiwo zomwe sizidagulidwe. Ukachepetsa kuwala kwa kanema kuti data ichedwe kutha, zala za mphunzitsi zimasanduka chifunga, chonsecho zalazo ndi zomwe umafuna kuona. Mwanayu adaphunzira kudalira WiFi ya ku ntchito pa nthawi ya nkhomaliro, n'kumajambula makodi m'kope kuti usiku asatsegule intaneti. Onjezani nsambo, zomwe kuno kufupi ndi nyanja zimachita dzimbiri msanga chifukwa cha chinyezi ngati suzipukuta ukatha kuimba. Ku Lilongwe kapena ku Chipata mavutowa ndi omwewa, kungoti kumeneko kulinso nkhani ya magetsi otchajira foniyo.

Chomwe chimandiwawa kwambiri chimakhudza ntchito yanga yomwe. Ndakhala zaka zambiri m'mabungwe ndikukonza mauthenga. Tajambula makanema a m'Chichewa a kasambidwe ka m'manja, a kagonedwe m'masikito, a kasungidwe ka ndalama m'mabanki a m'mudzi, ndipo onsewo ndi ofunika. Koma m'misonkhano yonse yokamba za luso la achinyamata yomwe ndakhalamo, sindidamvepo wina akunena kuti tijambule phunziro la gitala kapena banjo m'chilankhulo chathu. Tikati luso timatanthauza ukalipentala, utelala ndi kuwotcherera zitsulo. Kuimba timakukumbukira pa tsiku lotsegulira pulojekiti, pomwe timaitana gulu la m'mudzi kudzasangalatsa alendo n'kulipatsa fanta. Muphwa wanga atafufuza maphunziro a kaimbidwe ka kwathu adapeza makanema ambiri a oimba ali pa nsanja, kamera ili pa nkhope kapena pa ovina. Ofotokoza pang'onopang'ono kuti nsambo zachunidwa motani ndipo chala chikuyenda bwanji adali ochita kuwerenga ndi zala.

Sikuti dziko silifuna nyimbo zathu. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, ataimba ndi Patience Namadingo mu 2020, nyimbo yake ya Linny Hoo idafalikira pa TikTok n'kuonedwa kambirimbiri m'maiko omwe mwini wakeyo sadapondeko. Madalitso Band, anyamata awiri omwe ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni ya nsambo imodzi komanso gitala ya nsambo zinayi, adatuluka koyamba m'dziko mu 2017 kukaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo ayenda m'maiko ambiri a ku Ulaya. Mnyamata wa ku Sweden angathe kuwaonera lero lomwe. Koma mnyamata wa ku Mtandire wofuna kuimba ngati iwo alibe phunziro loti atsegule. Sukulu zilipo, monga Music Crossroads Academy ku Area 23 ku Lilongwe, ndipo kuno ku Durban kuli dipatimenti ya nyimbo ya University of KwaZulu-Natal ndi BAT Centre pa doko, koma zimafikira ochepa. Foni ili m'thumba la pafupifupi mnyamata aliyense amene ndimakumana naye kuno.

Kujambula phunziro lotere sikufuna galimoto ya bungwe kapena alawansi. Kumafuna foni, malo owala, ndi munthu wodziwa kuti kamera iyenera kuona manja onse awiri. Woimba ayambe waliza nsambo iliyonse payokha kuti woonera adziwe kachunidwe, aimbe nyimbo yonse, kenaka aibwereze pang'onopang'ono. Kumafunanso chilungamo. Achikulire athu ajambulidwa kokwanira ndi anthu omwe adapita osabweranso. Munthu auzidwe komwe kanemayo akupita, avomere, dzina lake lilembedwe, ndipo ngati pali phindu alandireko. Bungwe la COSOMA, lomwe lakhala likuteteza umwini wa ntchito za aluso ku Malawi kuyambira 1992, lingathe kulangiza pa zimenezi.

Ife tidayambira pakhomo. Muphwa wanga tsopano amapita ku pulakatisi ya kwaya Loweruka lililonse, ndipo amakhala pafupi ndi mayi uja wa pa siwa, kapo ili m'thumba la shati. Amamupeza pa mzere wachiwiri, nthawi zina wachitatu. Mayiwo akuti akafika pomupeza pa mzere woyamba adzamuphikira nsima ya mgaiwa.

Pa Khirisimasi ya 2024 tidatumiza foni yakale kwa achemwali ku Thyolo, pamodzi ndi pempho. M'mudzi woyandikana ndi wathu muli agogo ena omwe adali ku migodi limodzi ndi bambo, ndipo ankaimba nawo pakhonde paja. Achemwali adawapeza ali moyo, maso akuchita chidima, zala zitauma ndi nyamakazi. Poyamba adakana, ati gitala adasiya kalekale ndipo a mpingo wawo sakondwera nazo. Atamva kuti wopempha ndi mdzukulu wa mnzawo, yemwe ali ku Joni komweko, adatuma mwana kukabwereka gitala kwa mphunzitsi wa pa sukulu ya pulaimale. Adakhala nayo nthawi yaitali akumasula ndi kumanga nsambo, kenaka imodzi adaichotseratu n'kuiponya pambali.

Kanemayo adatifika pa WhatsApp m'mwezi wa January, wa mphindi zinayi, wogwedera, tambala akulira kumbuyo, ndipo theka lake achemwali adajambula mawondo a agogowo m'malo mwa manja. Nyimbo yachiwiri itayamba ndidadzuka pa mpando. Idali ija ya pakhonde. Muphwa wanga adaubwereza kanemayo kasanu, akuchepetsa liwiro, nkhope ili pafupi ndi galasi losweka lija. Kenaka adanyamula gitala yake n'kunena kuti, "Amalume, ndikupita kwa Baba. Agogowa achuna mwa mtundu wina, ndipo nsambo zawo ndi zisanu."